JACKIE SEWELL, MUNTHU AMENE ANASEWERERA MAIKO AWIRI

Munthu akamayenda madzulo m'Chawama, kapena m'Kanyama ndi m'Matero, sangalephere kuona ana alikuthamangitsa cimpombwa pa bwalo la fumbi, miyala iwiri itaikidwa uku ndi uku kuti ikhale goli. Akawafunsa anawo maina a akatswiri a mpira a dziko lino, adzachula Godfrey Chitalu, Kalusha Bwalya ndi Christopher Katongo. Koma akawafunsa kuti kaputeni wa timu ya Zambia pa masewera a cikondwerero ca ufulu m'caka ca 1964 anali yani, ngakhale atate ao ambiri adzangoyang'ana pansi. Munthuyo anali Mngelezi, dzina lace Jackie Sewell, wosewera ndiponso mphunzitsi wa timu ya City of Lusaka, imene oikonda amaicha City ya Moto. Asanafike kuno iye anali atasewerera kale dziko la England, ndipo pa nthawi ina anali wosewera wa mtengo wapatali kuposa onse m'Britain.

Sewell anabadwa pa 24 Januwale 1927 m'mudzi wa Kells, pafupi ndi tauni ya Whitehaven, kumpoto ca kumadzulo kwa England. Anthu a ku migodi adzamvetsa msanga za malowa, pakuti Whitehaven inali tauni ya malasha. Migodi yace inali kuyambira pa mtunda ndi kukalowa pansi pa nyanja, kotero kuti anchito anali kukumba madzi a nyanja ali pamwamba pao. Mgodi wa Haig unali m'Kells momwemo, ndipo unaphulika kangapo ndi kupha anthu Sewell asanabadwe ndiponso ali mwana. M'caka ca 1947 mgodi wina wa m'tauniyo, wochedwa William Pit, unapha amuna 104 tsiku limodzi. Amene akumbukira tsoka la ku Mufulira la mu 1970, pamene amuna 89 anakwiririka pansi, adziwa m'mene mudzi wotere umakhalira. M'malo ngati amenewo mnyamata wodziwa mpira anali ndi khomo limodzi lotulukira limene anzace analibe.

Khomolo linamtsegukira nkhondo yaciwiri ya dziko lonse isanathe, pamene timu ya Notts County ya mu mzinda wa Nottingham inamtenga. Timu imeneyi ndi yakale kwambiri, inayamba mu 1862, koma masiku amenewo inali m'cigawo cacitatu ca ligi. M'caka ca 1947 inadabwitsa anthu pogula Tommy Lawton, womwetsa zigoli wamkulu wa England, ndi mapaundi 20,000. Sewell anasewera pambali pa munthu ameneyu, nacita naye bwino kwambiri. Lawton anali wamtali ndi wodziwa kumenya mpira ndi mutu. Sewell anali waliwiro, wodziwa kufika pa malo pamene mpira udzagwera. Anthu oposa 30,000 anali kubwera kudzaonera masewera a cigawo cacitatu, ndipo mu 1950 Notts County inapambana cigawoco ndi kukwera. Pamene anali kucoka, Sewell anali atamwetsa zigoli 97 m'masewera a ligi.

MTENGO WA MUNTHU

M'mwezi wa Malici 1951 timu ya Sheffield Wednesday inali pafupi kutsika m'cigawo coyamba. Akulu ace anaganiza kuti womwetsa zigoli mmodzi angathe kuwapulumutsa, ndipo anapereka mapaundi 34,500 kuti atenge Sewell. Ndalama zotere zinali zisanaperekedwepo cifukwa ca wosewera mpira m'Britain. Anthu ananena kuti mnyamatayo wagulidwa ndi golide wolemera monga thupi lace, ndipo sanali kungokokomeza ai. Nthawi imeneyo aunsi imodzi ya golide inali pa mtengo wa mapaundi 12 ndi masheleni 10. Cotero mapaundi 34,500 akadagula maaunsi 2,760, ndiwo makilogalamu pafupifupi 86, kuposa kulemera kwa amuna ambiri a msinkhu wapakati.

Tsono apa ndi pamene nkhani ya mpira ifanana ndi ya pa mgodi. Ndalama zonsezo zinacoka ku timu ina kupita ku timu ina. Mwini miyendo sanakhale wolemera nazo. Malamulo a ligi ya ku England anali ndi malire a malipiro, ndipo m'caka ca 1951 malirewo anaikidwa pa mapaundi 14 pa sabata, ngakhale kwa katswiri wodzaza bwalo ndi anthu. Pa malipiro otere Sewell akadagwira nchito zaka 47 kuti apeze ndalama zofanana ndi mtengo wace. Ndiponso wosewera akasaina ku timu, timuyo inali ndi mphamvu yosunga dzina lace, kotero kuti sakanatha kupita kwina mwa kufuna kwace ngakhale nthawi ya cipangano itatha. Eni matimu anali kunena kuti malamulowa acinjiriza matimu ang'ono kuti asamezedwe ndi akulu. M'mauwo munali coonadi pang'ono, koma amene anali kulipira cinjirizolo anali osewera okha.

M'zaka zomwezo anchito a ku migodi ya kopa kuno anali kulimbana ndi funso lofanana: kodi thukuta la munthu lili ndi mtengo wanji, ndipo auika ndani? Cigwirizano cao cinapangidwa mu 1949, mtsogoleri wace ali Lawrence Katilungu, ndipo mu 1952 ananyanyala nchito milungu itatu mpaka malipiro anakwezedwa. Osewera mpira a ku England anacedwa kuposa pamenepo. Malire a malipiro anafika pa mapaundi 20 mu 1958, ndipo anacotsedwa m'Januwale 1961, cigwirizano ca osewera cotsogozedwa ndi Jimmy Hill citaopseza kunyanyala. Posacedwa Johnny Haynes wa Fulham anayamba kulandira mapaundi 100 pa sabata. Koma pamenepo Sewell anali ndi zaka 34, ndipo masiku ace m'ligi ya ku England anali kutha.

Kunena za Sheffield Wednesday, ndalama zija sizinaipulumutse. Inatsika ndithu m'caka ca 1951. Caka cotsatira inabwerera pamwamba, Sewell atamwetsa zigoli 23 ndipo mnzace Derek Dooley 46. Dooley ameneyu anathyoka mwendo pa bwalo mu 1953, bala linaola, ndipo madokotala anaudula mwendowo iye ali ndi zaka 23.

TSIKU LA KU WEMBLEY

Sewell anasewerera England kasanu ndi kamodzi, namwetsa zigoli zitatu. Cimodzi anamwetsa ku Vienna mu 1952 pamene England inagonjetsa Austria 3-2, cina ku Switzerland caka comweco. Koma cacitatu ndico cimene cikumbukiridwa, ngakhale kuti tsikulo linali la manyazi.

Angelezi ndiwo analemba malamulo a mpira, ndipo anali kukhulupira kuti palibe wina angawaphunzitse kanthu. Kufikira mu 1953 panalibe timu yocokera kutsidya la nyanja imene inawagonjetsa pa bwalo lao la Wembley mu London. Pa 25 Novembala caka cimeneco kunabwera timu ya Hungary, imene inali itapambana pa masewera a Olympic mu 1952. Anthu oposa 100,000 anadzaza bwalo. Mphindi imodzi isanathe, Nandor Hidegkuti anali atamwetsa kale cigoli.

Cimene cinacitika cifuna kufotokoza bwino, pakuti cinasintha maseweredwe pa dziko lonse. Masiku amenewo nambala ya pa malaya inali kuuza munthu malo ace. Nambala 9 anali kuima patsogolo pakati, ndipo nambala 5 wa timu inayo anali kummamatira ngati nkhupakupa. Nambala 7 ndi 11 anali kuthamanga m'mphepete, pamene nambala 8 ndi 10, malo a Sewell, anali kunyamula mpira kucokera pakati kupita nao kutsogolo. Aliyense anali kudziwa munthu wace womlonda. Koma Hidegkuti, atabvala nambala 9, sanaime patsogolo ai. Anabwerera pakati pa bwalo. Harry Johnston, amene anali kumlonda, anasowa cocita. Akamtsatira, kumbuyo kunali kutsala mpata waukulu umene Ferenc Puskas ndi Sandor Kocsis anali kulowamo. Akapanda kumtsatira, Hidegkuti anali kukhala yekha ndi mpira, nasankha mwaufulu kopereka. A ku Hungary anali kupatsirana mpira pansi, pafupipafupi, ndi kusinthana malo kosaleka, pamene Angelezi anali kuyang'anabe manambala.

Patapita mphindi 13 kapena kuposerapo pang'ono, Sewell analandira mpira kucokera kwa Stan Mortensen naumenya pansi kulowa m'goli. Zigoli zinakhala 1-1, ndipo kwa kanthawi anthu anayesa kuti zinthu zabwerera m'malo mwace. Sizinatero. Hidegkuti anamwetsa cina, kenaka Puskas anacita cinthu cimene cionetsedwabe pa kanema mpaka lero: anakoka mpira cambuyo ndi kunsi kwa nsapato, kaputeni Billy Wright napitirira yekha ngati munthu woterereka pa matope, ndipo Puskas anaumenya m'goli ndi mwendo wamanzere. Masewera anatha 6-3. Osewera asanu ndi mmodzi a England sanaitanidwenso ku timu ya dziko, mmodzi wa iwo Alf Ramsey, amene pambuyo pace anatsogolera England kutenga Cikho ca Dziko Lonse mu 1966. Sewell anaitanidwanso kamodzi, pa masewera obwezera ku Budapest pa 23 Meyi 1954. Kumeneko England inagonja 7-1, ndipo iye sanabvalenso malaya a dziko lace.

M'Disembala 1955 anapita ku Aston Villa ndi mtengo wa mapaundi 20,000. Kumeneko anapeza tsiku labwino la ku Wembley lolipira loipa lija. Pa 4 Meyi 1957 Villa inagonjetsa Manchester United 2-1 ndi kutenga cikho ca FA Cup, zigoli zonse ziwiri womwetsa ali Peter McParland. Ena amati cipambanoco cinali ndi banga, cifukwa goloboyi wa United, Ray Wood, anabvulala pa tsaya masewera atangoyamba, ndipo malamulo a nthawiyo sanali kulola kulowetsa wina m'malo mwa wobvulala. Komabe cikho ndi cikho, ndipo kufikira caka ca 2025 Villa inali isanacitengenso. Miyezi isanu ndi inai yokha itapita, ndege yonyamula timu ya United inagwa ku Munich, ndipo osewera asanu ndi atatu anafa. Anthu a Zambia, amene anataya timu yao pa gombe la Gabon mu 1993, safuna kuuzidwa kuwawa kwace.

Villa inatsika mu 1959, ndipo Sewell anapita ku Hull City, imenenso inatsika caka cotsatira.

KU LUSAKA

M'caka ca 1961 anafika m'Northern Rhodesia kudzakhala wosewera ndi mphunzitsi wa City of Lusaka. Malaya a timuyi ndi a mizere yakuda ndi yoyera, monga a Notts County kumene anayambira. Dziko limene analipeza linali kuwira. Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland cinali cikali m'mphamvu, ndipo caka comweco ndico ca cipolowe ca Cha Cha Cha. Lusaka unali mzinda wogawika. Azungu anali kukhala kumtunda, ku malo ngati Woodlands kumene kuli bwalo la City. Anthu akuda a nchito zolembedwa anali kupatsidwa nyumba ku Matero ndi ku Chilenje, ndipo ena onse anali kudzimangira okha pa minda ya Azungu m'mbali mwa tauni. Chawama linali limodzi la malo otere. Kale linali kuchedwa Roberts Compound, potengera dzina la mwini malo. Kucoka ku Chawama kupita ku Woodlands si ulendo wautali, koma masiku amenewo malo awiriwo anali ngati maiko awiri.

Mpira naonso unali wogawika. Azungu anali ndi bungwe lao ndi matimu ao, anthu akuda analinso ndi ao, ndipo sanali kupikisana m'ligi imodzi. Masewera ena, monga cricket ndi rugby, anatsala m'makalabu a Azungu ndi a Amwenye kwa nthawi yaitali. Koma mpira wa miyendo sukanatha kutsekeredwa motero, cifukwa sufuna zipangizo zodula, ndipo unali utazika kale mizu m'makomboni ndi m'masukulu a mishoni. Asanamizidwe munthu kuti Sewell ndiye anabweretsa mpira kuno. Iye anapeza akatswiri alipo kale, monga Samuel "Zoom" Ndhlovu wa ku Mufulira ndi Ginger Pensulo wa ku Luanshya, amene anthu anali kudzaza mabwalo kukawaona.

M'caka ca 1962 kunayamba ligi ya dziko lonse, National Football League, m'mene anthu a mitundu yonse analoledwa kusewera pamodzi. Ici cinacitika zaka ziwiri ufulu usanafike, kotero kuti pa bwalo la mpira tsankho linayamba kugwa lisanagwe m'maofesi ambiri ndi pansi pa mgodi. Pa bwalo palibe pobisala: munthu akalandidwa mpira pamaso pa anthu zikwi, khungu lace silimthandiza. Roan United ya ku Luanshya inatenga ligi yoyamba mu 1962, ndipo Mufulira Wanderers inatenga ya 1963.

Sicinali codabwitsa kuti matimu a ku migodi ndiwo anatsogola. Makampani a kopa anali ndi ndalama, anamanga mabwalo monga Kafubu ku Luanshya, Shinde ku Mufulira ndi Scrivener ku Kitwe, ndipo anali kupatsa osewera nchito ndi nyumba. Sanacite zimenezi cifukwa ca cifundo cokha. Anali kudziwa kuti munthu amene ali ku bwalo Loweruka ndi Sondo sali ku mowa kapena ku msonkhano wa ndale. Komabe phindu lace kwa mpira linali lalikulu. Lusaka analibe mgodi, ndipo timu ya mu mzindawu inali kuyenera kuyenda ulendo wautali wa kumpoto kukakumana ndi matimu okhala ndi zonse. Ndico cifukwa cace cimene City inacita mu 1964 cili cacikulu: inatenga ligi, nitenganso cikho ca Castle Cup. Inali timu yoyamba ya kunja kwa Copperbelt kutenga ligi, ndipo Lusaka sanaionenso mpaka mu 1973 pamene timu ya asilikali, imene pambuyo pace inachedwa Green Buffaloes, inapambana. City yeniyeniyo inatenga ligi kamodzi kokhako.

Sewell anali ndi zaka 37 m'caka cimeneco, msinkhu umene ambiri amakhala atapacika kale nsapato. Liwiro la unyamata linali litacepa, koma munthu wosewera pa malo ace amadya za mutu kuposa za miyendo. Ndipo panali cinthu cimodzi cimene iye anali naco cosapezeka kwa wina aliyense m'ligiyo: anaima pa bwalo kawiri konse ndi timu yopambana ya nthawi yace, naona ndi maso ace m'mene mpira wopatsirana pansi ugonjetsera mpira wa mphamvu ndi wa manambala.

Pa 24 Okutobala 1964 mbendera ya Zambia inakwezedwa pa bwalo latsopano la Independence, pa mseu waukulu wopita kumpoto. Pa zokondwerera panali masewera a mpira, ndipo kunaitanidwa matimu a Kenya, Uganda ndi Ghana, amene anali atatenga cikho ca Africa mu 1963. Kaputeni wa Zambia anali Sewell. M'zaka za 1964 ndi 1965 anasewerera dziko lino kakhumi, namwetsa zigoli 7, kuposa kawiri zimene anamwetsera England. Masiku ano malamulo a FIFA sangalole zotere kwa munthu wonga iye, koma nthawi imeneyo zinali kucitika. Puskas yemwe, atathawa kwao mu 1956, anasewerera Spain pa Cikho ca Dziko Lonse mu 1962.

Munthu angafunse, ndipo funsolo ndi loyenera, ngati cinali cabwino kuti pa masiku oyamba a ufulu timu ya dziko itsogozedwe ndi Mngelezi wokhala kuno zaka zitatu zokha, pamene Zoom Ndhlovu anali pomwepo. Amene anamenyera ufulu anali atatopa ndi kuona Mzungu ali kapitao pa nchito iriyonse, ngakhale pamene munthu wakuda anali kuidziwa bwino nchitoyo. Komanso boma la Kenneth Kaunda linali kunena poyera kuti Zambia lidzakhala dziko la onse olitumikira mosayang'ana khungu, ndipo Sewell sanapatsidwe malowo cifukwa ca ofesi kapena cikalata. Iye anali atangotsogolera timu yace kutenga ligi ndi cikho, akupikisana ndi anthu omwewo amene tsopano anali kuwatsogolera. Ndipo nthawi yace inali yaifupi. Zoom Ndhlovu ndi Wanderers anatenga ligi zaka zitatu zotsatana kuyambira mu 1965, ndipo Zoom yemweyo ndiye anali mphunzitsi wa timu imene inagonjetsa Italy 4-0 pa masewera a Olympic mu 1988.

Njira imene Sewell anabwerera inayendedwanso cobwerera. M'caka ca 1967 Howard Mwikuta, Emment Kapengwe ndi Freddie Mwila anatengedwa ndi timu ya Atlanta Chiefs ku America, imene inapambana ligi ya kumeneko mu 1968. Mu 1969 Kapengwe ndi Mwila anapita ku Aston Villa, timu yomwe ija imene Sewell anatenga nayo cikho. Sanakhalitse, Kapengwe anasewera masewera atatu a ligi, Mwila amodzi. Koma zaka 8 zokha m'mbuyo, anyamata awiriwo sakanaloledwa ngakhale kusewera m'ligi imodzi ndi Mzungu m'dziko lao lomwe.

Sewell anakhala m'Africa zaka zoposa khumi asanabwerere ku England. Anakakhazikika ku Nottingham, kumene anagwira nchito yogulitsa magalimoto mpaka anapuma, monga anacitira osewera ambiri a mbadwo wace amene mpira sunawasiyire cuma. Mgodi wa Haig wa kwao ku Kells unatsekedwa mu 1986. Anzace a tsiku lija la ku Wembley anamwalira mmodzimmodzi: Wright mu 1994, Ramsey mu 1999, Matthews mu 2000, Hidegkuti mu 2002, Puskas mu 2006. Wotsiriza wa a ku Hungary, Jeno Buzanszky, anamwalira m'Januwale 2015. Pa onse amene anasewera tsiku limenelo anatsala Sewell yekha, ndipo iye anamwalira pa 26 Seputembala 2016, ali ndi zaka 89.